Mutu wa Kanduna Pakati pa Mabiringanya

Ndinaziona tsiku lina ndikumusambitsa Kanduna. Nthawi zonse ndinkamusambitsa nditagwada, nkhope yanga pafupi ndi yake, koma tsiku limenelo msana unali utandigwira, ndiye ndinaika beseni pansi n'kuwerama chiimirire. Tsitsi lake linali litanyowa, litamatirira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinauona mutu wa mwana wanga kuchokera pamwamba. Sopo anandipulumuka m'manja.

Mutuwo sunali wolingana. Kumbuyo, mbali ya kumanja, kunali kophwatalala ngati munthu wakanikizapo ndi chikhatho, ndipo khutu la mbali yomweyo linkaoneka ngati lasendera kutsogolo kulisiya linzake. Ndinatseka maso, ndinatsegulanso. Ndinazungulira beseni, ndinakaima mbali ina, mwina ndi kuwala. Sikunali kuwala. Mwiniwake ankangomenya madzi n'kumaseka, osadziwa kanthu.

"Amayi! Amayi, tabwerani msanga!"

Apongozi anga, amene tinkakhala nawo ndipo ndiwo ankatsala ndi mwana ine ndikapita kuntchito, analowa ali wefuwefu, nsapato imodzi itatsala pakhomo.

"Mwamugwetsa?"

"Ayi. Taonani mutuwu. Imani apa, muonere pamwamba."

Anaima, anayang'ana, kenaka anandiyang'ana ine nthawi yotalikirapo kuposa mmene anamuyang'anira mwana.

"Ndiye mwandithamangitsira zimenezi? Mtima wanga wafika kukhosi, kani ndi mutu chabe? Mitu ya kwathu ndi yotere, mwana wanga. Kodi mutu wa bambo ake munauyang'ana bwino musanawalole?"

Bambo a Kanduna ndi owotcherera zitsulo. Ndi munthu woti geti ikapendekeka pang'ono amaiona ali kutsidya kwa msewu, ndipo amatha kuimitsa ulendo kuti aidandaule. Atabwera madzulo ndinawapatsa mwana asanavule n'komwe ovololo. Anamutembenuza uku ndi uku, anamupsompsona pachipumi.

"Make Kanduna, mwana si geti. Mwayambanso?"

Mawu akuti mwayambanso anali ndi pochokera, sindingakane. Ndine amene ndinathamangira kuchipatala chifukwa cha ntchirikiro. Ndine amene mwana akagona tulo tabwino ndimaika chala pansi pa mphuno yake mpaka kumudzutsa. Matewera ndimawayang'ana ngati ndikuwerenga nyuzi. Choncho pakhomo pathu mantha anga anali ngati wailesi yosazima: imalira, anthu n'kumachita zawo.

Tsiku la sikelo ndinayesa kunena. Mzere unali wautali, ana akulira, anamwino ali okhaokha. Nditati mutu, anatenga tepi, anaizunguliza, anayang'ana pa khadi.

"Ukukula bwinobwino, mayi. Wotsatira!"

Ndinatuluka ndi mwana wovala chipewa. Tepi inanena za kukula. Ine sindinkafunsa za kukula. Kusiyana kwa zinthu ziwirizi ndinkakudziwa chifukwa ndi kumene kunkandidyetsa.

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yopanga mbewu za ndiwo zamasamba. Sindili kumunda, ndili m'chipinda chachitali chakumbuyo, chonunkha utomoni wa mabiringanya. Ogula amafuna mabiringanya owongoka, olingana mbali zonse, oti akalowa m'katoni agone bwino ngati mazira. Ndiye kampani imafuna kudziwa kuti ndi mitengo iti imene imabereka owongoka, kuti mbewu ichokere kumeneko. Kungoyang'ana sikuloledwa. Abwana athu, mayi wamfupi wa magalasi apachingwe amene tonse timawatcha a Masamu, amati maso amakondera.

Ntchito imayenda chonchi. A Chimpeni, bambo achikulire amene dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, amachotsa kachipewa kobiriwira ka biringanya, amalidula pakati m'litali, n'kuligoneka chafufumimba pa thabwa loyera. Pamwamba pali kamera yoyang'ana pansi, yomangidwa pa chitsulo chokwera ndi kutsika. Poti manja awo amakhala onyowa, amajambula poponda kachitsulo ka pansi ndi phazi. Chithunzi chikafika pa kompyuta yanga, ine ndimaika madontho m'mphepete mwa biringanyalo, kuyambira pa phesi, kuzungulira ngati mmene wotchi imayendera, mpaka kubwerera pomwe ndinayambira. Dontho lililonse lili ndi manambala awiri: lili patali bwanji kuchokera kumanzere, lili patali bwanji kuchokera pansi. Basi. Tsiku lonse madontho. Ndikatseka maso m'basi ndimaona madontho.

Zimene a Masamu amachita ndi manambalawo anandifotokozera nditangoyamba. Kompyuta yawo imatembenuza mabiringanya onse kuti aloze kumodzi, imakulitsa ang'onoang'ono, imachepetsa akuluakulu, mpaka onse afanane msinkhu. Kukula kukachotsedwa, chotsala ndi kaumbidwe kokha.

"Pamenepo ndiye biringanya silingabisale kumbuyo kwa kunenepa kwake," anatero.

Loweruka ndimagwira theka la tsiku, ndekhandekha, kumaliza zithunzi zotsala. Apongozi tsiku limenelo amapita kukaona mwana wawo wamkazi, ndiye a Masamu anandilola kumabwera ndi mwana. Loweruka lotsatira tsiku la sikelo lija, nditamaliza biringanya lomaliza, ndinakhala duu kuyang'ana kamera ija. Kenaka ndinayang'ana Kanduna atagona pa bulangeti pakona. Ndinadzuka ndinakatseka chitseko.

Ndinakweza kamera mpaka kumapeto kwa chitsulo. Ndinamuveka mwana sokosi yopyapyala kumutu kuti tsitsi ligone, ndinamukulunga thaulo loyera m'mapewa, ndinamukhazika pa thabwa dzanja langa lili pansi pa chibwano chake, n'kuponda kachitsulo. Kuwala kunati ng'ani, iye anaphethira. Ndinayamba madontho pakati pa chipumi, ngati pa phesi, n'kuzungulira. Nditaika dontho lomaliza, mzere unatseka, ndipo ndinatsala ndikuyang'anizana ndi chinthu chonga dzira. Chinali chopendekeka, inde. Koma pang'ono kapena kwambiri? Ndani alibe kupendekeka? Sindinadziwe. Ndinafufuta chithunzicho, mtima uli phaphapha ngati ndaba.

Loweruka linalo ndinachitanso. Ndi linalo. Ndinkaika pulasitiki yoonekera pa galasi la kompyuta n'kulemba mzerewo ndi cholembera, kuti kunyumba ndikasanjike mapulasitikiwo ndione ngati zikusintha. Sizinathandize. Mwana ankakula, tsiku lina ankadzutsa mutu, tsiku lina ankawerama, mizere inkangopingasana ngati ulusi wosokonekera. Ndinkaisanjika pa zenera, kuitembenuza, kuisendeza, mpaka apongozi anandipeza.

"Zimenezo ndiye mapatani a chiyani? Mukufuna kusoka zipewa?"

"Ndi za kuntchito, amayi."

Ndinachita zimenezi Loweruka lililonse kwa miyezi pafupifupi iwiri, ndipo sindinapeze yankho. Ndinangoonda.

Nyengo yokolola itatha, a Masamu anatiitana ine ndi a Chimpeni mu ofesi yawo. Anatseka makatani, anaonetsa chithunzi pakhoma. Panali timadontho tambirimbiri, tounjikana pakati ngati nyerere pa shuga.

"Nayi ntchito yanu yonse," anatero. "Apa kadontho kamodzi ndi biringanya limodzi. Ofanana kaumbidwe amakhala moyandikana. Kumanzere kuno ndi ataliatali, kumanja ndi obulungira. Pansi ndi owongoka, ndipo mukamakwera m'mwamba ndiye kupendekeka kukuchuluka. Mwagwira bwino. Koma pali chimene chandisowetsa tulo. Taonani uku."

Analoza ndi cholembera chawo chotafunidwa. Pakona ya kumanja, kutali ndi gulu lonse, panali timadontho tingapo tokhatokha. Sitinaunjikane ayi. Tinandandana, kamodzi pamwamba pa kanzake, ngati anapiye akukwera makwerero.

"Onsewa alembedwa kuti ndi a mtengo umodzi, wa mubedi lakumapeto. Ndawaika motsatana ndi masiku. Loyamba ndi ili la pansi. Sabata yotsatira, ili. Yotsatira, ili. Chinthu chimenechi chikupendekeka sabata ndi sabata, ndipo sichikubwerera. A Chimpeni, mpeni wanu unayamba kuyenda chokhota?"

"Mpeni wanga?" A Chimpeni anagwira pamtima. "Amayi, ine ndinayamba kudula musanayambe kuvala magalasi. Mwina mtengowo ndi wolodzedwa."

"Kapena ndi wodwala. Tiyeni tione nkhope yake."

Anadina kadontho ka pamwamba penipeni. Kompyuta inatenga manambala n'kujambulanso mzere wake pakhoma, waukulu ngati chitseko.

Ndinachidziwa ndisanachidziwe. Chinthucho chinalibe khosi la biringanya. Mbali ya kumanja kumunsi chinali chodulidwa ngati chasemedwa ndi chikwanje, kutsogolo kwa mbali yomweyo chitatupa, chonse chitapotoka ngati katoni yopondedwa ndi galimoto. Pamwamba pake, pamene pankayenera kukhala phesi, panali kadontho kofiira koyambira. Ndinakaika ndine kadontho kameneko, pakati pa chipumi cha mwana wanga.

Zithunzi ndinkafufuta. Sindinadziwe kuti dontho lomaliza likangogwa, manambala amapita okha kwa a Masamu, atanyamula dzina la mtengo limene latsala m'kabokosi.

"Mayo ine, kunyansa kwake!" anatero a Chimpeni. "Limeneli ngakhale mbuzi ingalinunkhize n'kulisiya."

"Chikanakhala kamodzi ndikanati ndi ngozi," anatero a Masamu. "Koma chimenechi chili ndi kumene chikupita. Mawa mukauzule mtengowo, a Chimpeni, mukautenthe, usanapatsire anzake. Chinthu chotere sitisunga." Anawerama pa kompyuta, anakwinya nkhope. "Koma dikirani. Masiku akewa onse ndi Loweruka. Inu Loweruka mumadula?"

"Ine Loweruka ndimadula tsitsi langa lokha."

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Sindinaganize za ntchito, sindinaganize zoti ndipepese. M'makutu mwanga munkangolira mawu aja, sichikubwerera, sichikubwerera. Ndinapezeka ndaimirira, ndagwira mpando.

"Amayi, mwati chikuipiraipira? Mukunenetsa?"

"Ndi zimene madontho akunena. Bwanji kodi? Mwatuwa chotere bwanji?"

"Si biringanya limenelo." Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Ndi Kanduna. Ndi mutu wa mwana wanga."

A Chimpeni kukamwa kunali yasa, dzanja lili m'malere pamene linali kuloza. A Masamu anavula magalasi, anawasiya agwere pachifuwa, anakhala pansi pang'onopang'ono ngati mpando uli kutali.

"Mwana wa munthu?" anatero. "Mu mabiringanya anga muli mwana wa munthu?"

"Ndinkangofuna kuona. Kunyumba akuti ndi mantha anga. Kusikelo akuti ukukula bwino."

"Ndiye munamuika pa thabwa? Pa thabwa langa lodulirapo?" A Chimpeni anagwira kumutu ndi manja onse awiri. "Ambuye! Ndipo ine ndati mbuzi. Mayi, pakamwa panga pano mupamenye. Ndati mbuzi!"

"Mukudziwa kuti mwandilowetsera chiyani m'ntchito ya chaka chonse?" A Masamu anayamba mokweza, koma anayang'ana khoma, mawu anawathera. Anadzuka msangamsanga n'kuima kutsogolo kwa chithunzicho, kuchitchinga ndi thupi lawo laling'onolo, mzere uja n'kugwera pa bulauzi yawo. "Ayi, ayi, musayang'ane chimenechi. Khalani pansi. A Chimpeni, madzi. Tamverani, mayi: chimene mwaonachi si mmene mutuwo ulili. Ndikafuna kuona kusiyana, ndimauza kompyuta ikukokomeze kasanu, apo ayi maso sangakugwire. Ndachikokomeza ndine. Mwamva? Ndachikokomeza ndine."

Ndinamva, koma thupi silinamve. Madzi anatayikira pa siketi.

Anadinadina, chilombo chija chinachoka. M'malo mwake munabwera mizere iwiri yosanjikana, wobiriwira ndi wofiira, yonse yonga dzira, yofanana msinkhu.

"Uwu ndiye weniweni. Wobiriwira ndi Loweruka loyamba, wofiira ndi lomaliza. Kukula ndachotsa."

Chimene ndinalephera ndi mapulasitiki anga pa zenera chinali apo, poyera. Mizereyo inkayendera limodzi pafupifupi ponseponse. Koma kumbuyo kumanja wofiira unalowa mkati, ndipo kutsogolo kumanja unatuluka kunja. Mpata wake unali wochepa ngati chikhadabo chowengedwa. Koma unalipo.

"Mwina ndi dzanja langa," ndinatero. Ine amene ndinafuna kwa miyezi kuti wina andikhulupirire, tsopano ndinkapempha kuti anditsutse. "Linkanjenjemera. Mwananso sankakhazikika."

"Dzanja lonjenjemera limamwaza madontho uku ndi uku. Silingawandandalike kulowera kumodzi sabata ndi sabata. Dontho limodzi likhoza kunama. Onsewa sangapangane bodza limodzi." Anandigwira paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo. "Koma ine ndi wa mabiringanya. Chimene chikuchititsa sindikuchidziwa, ndipo sindikuuzani zongopeka. Ndikusindikizirani mizere iwiriyi. Nyamukani pompano, mukatenge mwana, mupite kuchipatala chachikulu. Zija ndanena zozula ndi kutentha zija, mundikhululukire. Ndimanena mtengo."

"Mtengowonso wapulumuka," anatero a Chimpeni chapansipansi, akupukuta m'maso ndi epuloni. "Ukanafera za eni."

Ndinadzera kumene bambo a Kanduna amagwirira ntchito. Ndinawapeza atawerama pa chimango cha zenera, moto uli thethethe. Anakweza chigoba cha kumaso atandiona masanasana.

"Kwagwanji? Mwana ali kuti?"

Ndinangowapatsa pepala lija. Analigwira ndi magolovesi, analitalikitsa, anatsinzina diso limodzi monga amachitira ndi geti.

"Ichi ndiye chapotoka. Kona iyi yalowa, iyi yatuluka. Chikukokedwa mbali imodzi chimenechi. Ndi cha ndani?"

"Ndi chanu. Ndi mutu wa Kanduna, kuonera pamwamba."

Anayang'ananso pepalalo. Anazimitsa makina, anavula magolovesi, imodzi inagwera m'madzi oziziritsira zitsulo ndipo sanaitole.

"Ndimamunyamula tsiku lililonse," anatero tili m'njira. "Tsiku lililonse, make Kanduna. Ndinali kuyang'ana chiyani?"

"Nkhope," ndinatero. "Tonse timayang'ana nkhope."

Titafika kunyumba kudzatenga mwana, apongozi anakana kutsala. Anati akufuna akamve ndi makutu awo dokotala akundiuza kuti ndisiye kuvutitsa mwana. Njira yonse anamufukata okha, chipewa atachikokera mpaka m'makutu.

Kuchipatala anamwino anayang'ana pepala, anavula mwana chipewa, anaima kumbuyo kwake n'kuyang'ana kuchokera pamwamba, kenaka anatilozera chipinda cha mafizo, kumene amaongola minofu. Dokotala wa mafizo anali bambo wamtali wolankhula mofatsa. Anapapasa mutu wonse ndi nsonga za zala, anapapasa khosi, anamugoneka Kanduna chagada pa tebulo lofewa, n'kutulutsa makiyi m'thumba.

Anawaliza mbali ya kumanja. Kanduna anatembenuka msanga, tsaya mpaka kugunda tebulo, akuseka. Anawapititsa pang'onopang'ono pamwamba pa nkhope kulowera kumanzere. Mutu unatsatira, unatsatira, unafika pakatikati, n'kuima. Maso okha ndiwo anapitirira mpaka kukona, akufunafuna makiyi. Anayesa kukankha ndi phewa lonse, analephera, nkhope inakwinyika, analira.

Ndinagwira pakamwa. Ine wowerenga mpweya, ine woyang'ana matewera, mwana wanga sankatha kuyang'ana kumanzere ndipo sindinazione. Ndinali nditaloweza mutu dontho ndi dontho, khosi lili pomwepo pansi pa dzanja langa.

"Achitenso," anatero apongozi. Mawu awo sanali awo. "Adokotala, tachitaninso. Mwina sanafune chabe."

Anachitanso. Mutu unaima pomwe paja.

"Mnofu wa mbali imodzi ya khosi ndi wolimba, ndi waufupi pang'ono," anatero dokotala. "Ana ena amabadwa nazo, mwina chifukwa cha mmene anakhalira m'mimba. Ndiye amangogonera mbali imene ili yophweka, ndipo poti fupa la mutu likadali lofewa, mbali imeneyo imaphwatalala. Bedi lake lili bwanji kunyumba?"

Bambo ake ndiwo anayankha, akuwerenga ndi manja m'malere. Khoma lili kumanzere kwa mwana. Chitseko, zenera ndi wailesi zonse zili kumanja.

"Nanga agogo, mumamufukata ndi mkono uti?"

Apongozi anayang'ana mkono wawo wamanzere ngati wa munthu wina. Phewa lawo lamanja linayamba kuvuta kalekale, sanyamulira kanthu. Mwana akakhala pa mkono wamanzere, kuti aone nkhope ya agogo ake amatembenukira kumanja. Tsiku lonse, masiku onse.

"Ndiye ndamupotoza ndine?" anatero. "Mdzukulu wanga ndamupotoza ndine?"

"Ayi, agogo. Palibe wamupotoza. Iye ankasankha kophweka, inu munkamupatsa chimene akufuna, ndi mmene agogo amachitira."

"Nanga ubongo?" Ndinafunsa funso limene ndinkaliopa kuyambira tsiku la beseni lija.

"Mwana akuseka, akutsatira ndi maso, akugwira zinthu. Pa zimene ndaona, vuto lili pakhosi, osati mkati. Ndipo mwabwera fupa likadali lomvera. Mukanadikira kuti ayambe kuyenda, bwenzi tikulankhula zina." Ananyamula pepala lija pa tebulo, analitembenuza. "Koma ichi munachipeza kuti? Kuno tilibe makina otere."

Bambo a Kanduna anandiyang'ana. Apongozi anandiyang'ana.

"Kuntchito," ndinatero. "Timayezera mabiringanya."

Dokotala anayang'ana mwana, anayang'ana pepala.

"Mabiringanya," anatero. "Chabwino. Tiyeni ndikuonetseni mafizo."

Anatiphunzitsa kugwira phewa ndi dzanja limodzi, lina n'kumatembenuza mutu mofatsa, osakakamiza. Anati akakhala maso tizimugoneka chafufumimba ife tili pomwepo, kuti khosi ligwire ntchito, koma pogona tulo azigonabe chagada. Ndipo chilichonse chimene amakonda kuyang'ana chisamukire kumanzere kwake.

Titafika kunyumba, bambo ake sanakhale n'komwe pansi. Anakoka bedi, analitembenuza kumutu kukhala kumiyendo, kabati inagwa chitseko, sanasamale. Wailesi anaikhomera msomali khoma lina. Apongozi anakhala pa mpando wawo mpaka dzuwa linapendeka. Kenaka ndinawaona akudzuka, akukoka mpandowo kuupititsa mbali ina ya mphasa imene mwana amasewererapo. Anamunyamula, anamuika pa mkono wamanja, wa phewa lopweteka lija. Nkhope yawo inakwinyika, anapumira m'mano.

"Amayi, phewa lanu."

"Phewa ndi langa, musalilankhulire." Anawerama kwa mwana. "Iwe Kanduna, agogo ako asamuka. Ukawafuna ali kuno. Tembenuka, bwana, usandichititse manyazi kawiri."

Kanduna anawasaka kumanja, anapeza kulibe. Analira. Apongozi anayamba kumuimbira, misozi ikutsika, osamusintha mkono.

Kuntchito a Masamu anachotsa madontho a mwana wanga pakati pa mabiringanya, anandikalipira bwinobwino monga kunayenera, ndipo anandionetsa mmene kabokosi ka dzina kamasinthidwira. Kenaka anatsegula malo ena apadera m'kompyuta yawo, anawalemba kuti Kanduna.

"Loweruka muzibwera naye," anatero. "Koma madontho ndiziika ndine. Inu dzanja lanu lili ndi mbali."

A Chimpeni nawo anayamba kubwera Loweruka, mpeni atausiya kunyumba, ati kudzagwira thaulo. Thabwa amalitsuka kawiri ndi sopo mwana asanakhalepo, ndipo amamutcha biringanya la abwana.

Masabata oyamba madontho atsopano anangoima pamwamba pomwe paja, osakwera, osatsika. Mafizo mwana ankalira nawo, ine ndinkalira nawo, bambo ake ankatuluka panja. Ndiye Loweruka lina, mwezi utapitirira, a Masamu anaika dontho lomaliza, anadina, tonse atatu tinawerama pa galasi. Kadontho katsopano kanagwa pansi pa kanzake. Pang'ono chabe, ngati kanyerere katsika sitepe imodzi.

Ndinagwira mkono wa a Chimpeni mpaka anati mayo.

"Musayambe," anatero a Masamu, osandiyang'ana. "Dontho limodzi si umboni. Ndinakuuzani kale."

"Ndikudziwa, amayi."

"Likhoza kukhala dzanja langa."

"Ndikudziwa."

Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa bulauzi, ngakhale analibe fumbi. Kumbuyo kwathu a Chimpeni anali atanyamula Kanduna, sokosi ikadali kumutu, ndipo ankamulizira supuni pa kapu mbali ya kumanzere. Ndinasiya galasi ndinatembenuka kuti ndione pamene khosi liimire.